Lachisanu la Asekulu Anu ndi Makoswe a Wezi

Ndiyambe ndi kuthokoza, pakuti munthu salowa m'nyumba ya mwini osaodira. Ndikuthokoza Mulungu amene wandisunga mpaka mutu wanga wayera ngati munda wa thonje, amene anandipatsa asekulu anu a Mtonga pamodzi ndi kuuma mutu kwawo konse, ndiponso amene wandipatsa adzukulu ochuluka chotere, moti ndikafuna kuitana mmodzi ndimayamba ndatchula mayina a ena onse. Tawonga chomene, Adada akuchanya, Atate athu akumwamba.

Ana inu, za matenda a asekulu anu a chaka chatha munangozimva pa foni, uyu kachidutswa, uyo kachidutswa. Ndiye ndati ndilembe ndekha maso akadaona, eni ake asanaikonze nkhaniyi kuti iwakomere. Ndi nkhani ya mimba ya asekulu anu ndi lonjezo limene anachita kwa Mulungu. Ziwirizi zinakhala mwamtendere zaka zambirimbiri, kenaka zinayambana, ndipo ine ndinatsala pang'ono kusanduka mkazi wamasiye.

Ine NyaZimba ndinakulira kumudzi wa cha kumwera kwa boma, kumene njovu za ku Lukusuzi zinkabwera kudzatithandiza kukolola popanda wozipempha. Masiku amenewo mimba sinkadandaula kawirikawiri, chifukwa inalibe nthawi. Tinkapera mawere pa mphero titagwada, mpaka mawondo kuchita zikang'a. Inu magetsi akazima kuchigayo mumayenda ndi nkhope za maliro. Ife chigayo chathu chinali mtondo ndi munsi, ndipo magetsi ake anali mikono iyi, imene sinazimepo. Therere tinkaphikira chidulo, madzi odontha kuchokera m'phulusa la makoko a mtedza. Soda wa m'mapaketi anabwera ine ndili kale ndi ana. Chimphonde cha mtedza wokazinga tinkasinja tokha, ndipo mwana wopezeka ndi chala chonona ankadziwa yekha mlandu wake. Wina wa inu tsiku lija anandifunsa ngati chimphonde chimamera m'botolo. Sinditchula dzina, koma amayi ake akumudziwa.

Asekulu anu ndinawaonera kutchalitchi. Anali mnyamata woonda, woimba besi, mawu aakulu kuposa chifuwa chimene ankatulukamo. Pobwera kudzandifunsira anakwera njinga yobwereka, ndipo mwini njingayo ankawatsatira wapansi kumbuyo kuti aone ngati sakuiwononga. Ndinaseka, koma ndinalola.

Mimba yanga yoyamba inali ya Tiwonge, atate ake a Wezi. Nthawi yake inakwana mvula ili pakati. Azamba analimbana nane kuyambira m'mawa, kenaka anatuluka n'kuuza amuna kuti mwana wagona chopingasa, athamange nane ku boma. Galimoto kunalibe, njinga zamoto zimene mumakwerazi kunalibe. Anandigoneka m'chikochikale, ngolo ya ng'ombe ya oyandikana nawo, pamwamba pa mphasa ndi udzu. Titafika padambo, dzuwa lili pamutu, mawilo analowa m'matope mpaka theka. Ng'ombe zinakoka, zinagwada, zinaleka. Ine mphamvu zinali kutha, koma makutu ankamva. Ndinamva asekulu anu akugwada m'matope muja pafupi ndi wilo, ndipo anapemphera mokweza, mopanda manyazi, anthu akumva:

"Ambuye, mukandisiyira mkazi uyu, Lachisanu lililonse la moyo wanga ndi lanu. Sindidzadya kanthu kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa kwake."

Linali Lachisanu tsikulo. Posakhalitsa kunatulukira amuna ochokera kumadimba, makasu ali paphewa. Anaponya makasu pansi, ananyamula ngoloyo ngati dengu, n'kuiika pouma. Kuchipatala ananding'amba, mwana anatuluka wamoyo, inenso ndinatsala wamoyo. Dzina lakuti Tiwonge tanthauzo lake ndi lomwelo, tithokoze.

Lonjezo lija analisunga, ana inu. Sindinaonepo munthu wosunga mawu ngati asekulu anu. Nthawi yolima, nthawi yokolola, chaka cha njala, chaka cha zochuluka, Lachisanu ankamwa madzi okha. Chaka china mnansi wathu anapha mbuzi tsiku Lachisanu, fungo la chiwindi chootcha lili ponseponse. Asekulu anu anakaima kuseri kwa nkhokwe akuyang'ana dzuwa ngati afuna kulikankha ndi maso. Koma sanalawe mpaka linalowa.

Tsono pali chinthu chimene iwo sankachidziwa. Pokwatiwa, alangizi anandiphunzitsa mwambo wa nthawi imeneyo: mwamuna amadyera pakhonde, mkazi amadyera kukhitchini ndi ana, ndipo mkazi saika kanthu pakamwa mbale ya mwamuna isanapite. Inu atsikana a lero mukuseka, ndikudziwa, inu amene mumalanda nyama m'mbale ya amuna anu n'kujambula pa foni. Koma ife tinkasunga. Ndiye Lachisanu mbale sinkapita pakhonde, ndipo ine sindinkadya. Ndinkaphikira ana, n'kudikira dzuwa pamodzi ndi munthu amene sankadziwa kuti ali ndi mnzake wodikira naye. Kupatula nthawi imene ndinali ndi pakati kapena kuyamwitsa, pakuti apongozi anga ankandiimirira ndi chikho cha thobwa mpaka nditsirize. Poyamba unali mwambo chabe. Pambuyo pake unasanduka kuthokoza kwanga, chifukwa moyo umene unapemphedwa m'matope muja unali wanga. Ndikanakukuta bwanji chimanga chokazinga wina akundilipirira ndi njala? Sindinawauze, pakuti sanafunse, ndiponso Mawu amati posala kudya usambe kumaso, anthu asadziwe.

Zaka zinapita. Tinasamukira kufupi ndi boma kuti ana aphunzire, ndipo tinayamba kulima fodya. Fodya ndi mbewu yopanda chisoni. Umawerama kunazale, umawerama pookera, umawerama pothyola, ndipo m'chigafa umakhala chogwada ukusoka masamba mpaka msana kuiwala kuti unalengedwa woongoka. Asekulu anu anayamba kugula timapiritsi ta ululu pagolosale, awiri m'mawa, awiri masana. Lachisanu ankamwanso, m'mimba mulibe kanthu, amati piritsi si chakudya, Mulungu sangawerengere.

Kenaka mimba inayamba kuyankhula. Amati pachifuwa chapansi apa pakutentha ngati ameza khala la moto. Soda wanga wophikira therere anayamba kutha msanga. Ndinkaganizira ana, mpaka tsiku lina ndinawapeza akumusungunula m'kapu. Akamwa ankageya mpaka nkhuku kubalalika, n'kunena kuti basi, chatuluka. Koma sichinkatuluka. Chinkangokhala chete pang'ono n'kubwereranso.

Ndinawapempha kuti tipite kuchipatala. Anakana, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa. Mnzawo a Lungu, okonza njinga pa msika wa Lundazi, anadwalapo zilonda za m'mimba, ndipo kuchipatala anawauza kuti asamakhale tsiku lonse osadya. Asekulu anu anati akapita akamva zomwezo, ndiye adzamvere yani, dokotala kapena Mulungu? Ankandikumbutsa kuti kusalonjeza kuli bwino kuposa kulonjeza n'kusachita. Mawuwo ndi oona. Nthawi yomweyo nanenso anandipeza ndi matenda a shuga, n'kundipatsa mapiritsi omwa ndi chakudya. Lachisanu ndinkamwa ndi madzi okha, ndipo dzuwa likafika pamutu manja ankanjenjemera, thukuta lozizira lili kamukamu. Ndinkakhala pansi mpaka zidutse.

Apa ndi pamene akulowa Wezi. Ang'onoang'ono inu mumangomudziwa kuti ndi mchemwali wa pa foni. Wezi ndi mwana woyamba wa Tiwonge, ndipo ali ku yunivesite ku South Africa, kumene ife timati ku Joni. Atate anga anapitako wapansi kukagwira ntchito m'migodi, anabwerako ndi bulangeti limodzi ndi chifuwa. Wezi anapita pa ndege, atavala nsapato zoti sangayende nazo ngakhale kukafika kuchigayo. Tsiku lina anatiimbira foni ija yoonana nkhope, ndipo asekulu anu anamufunsa chimene amachita tsiku lonse kusukulu yosatha imeneyo. Iye anati akufufuza mankhwala atsopano a zilonda za m'mimba, opangidwa ndi tinthu tating'ono kwambiri. Sankadziwa kuti asekulu ake akudwala, chifukwa eni akewo anatiletsa tonse kumuuza, amati mwana asasokonezeke pamaphunziro.

Foni itatha, nkhope ya asekulu anu inawala. Anandiwerengera pa zala: lonjezo linabala Tiwonge, Tiwonge anabala Wezi, Wezi akupanga mankhwala a mimba. Kodi sindikuona? Mulungu anakonzeratu nkhosa m'ziyangoyango iwo asanakwere n'komwe phiri. Wezi akabwera pa Khirisimasi adzabweretsa mankhwalawo, iwo adzachira, ndipo Lachisanu lidzakhala momwe lakhalira. Chipatala cha chiyani?

Nkhaniyi sanaisunge. Anakaichitira umboni kutchalitchi, anakaifalitsa pamsika. A Lungu anapempha kuti awasungireko pang'ono, ngakhale kunsonga ya supuni. Amayi ogulitsa tomato amene sankandipatsa moni anayamba kundifunsa za ana onse, n'kumaliza ndi mimba ya amuna awo. Ine mtima unkandiuza zina, koma ndinkapemphera kuti mtima wanga ukhale wonama.

Miyezi imeneyo asekulu anu anafooka. Zikhato zawo zinayera. Besi ija inayamba kuchepa, ndipo Sabata lina anakhala pansi nyimbo ili pakati, chinthu chimene sanachitepo. Ndinawakakamiza mpaka anaulula kuti akapita kuchimbudzi zikutuluka zakuda ngati phula la mumsewu wa ku Chipata. Ndinalira, ndinaitana Tiwonge, tonse tinawachonderera. Anati tidikire Wezi, watsala pang'ono.

Wezi anafika Lachinayi masana pa minibasi yochokera ku Chipata. Mukudziwa kuti mlendo safunsidwa za m'chikwama asanamwe madzi ndi kufotokoza za ulendo. Asekulu anu anasunga mwambo wonse. Anamufunsa za msewu, za mvula ya ku Joni, za anzake ogona nawo, koma maso awo sanachoke pa chikwama. Wezi anatsegula. Anatulutsa chitenje changa, chipewa cha asekulu ake, mabisiketi a ana. Anapinda chikwama chopanda kanthu n'kuchiika pambali.

Asekulu anu anatembenuza chipewa chija, anasuzumira mkati mwake.

"Yewo, mzukulu. Nanga mankhwala aja wasunga m'thumba la diresi?"

"Mankhwala ati, asekulu?"

"A zilonda za m'mimba. Amene mukupanga."

"Aaa, asekulu, amenewo sanafike kwa anthu. Pakali pano tikuyesa pa makoswe."

"Pa chiyani?"

"Pa makoswe."

Tiwonge anayamba kuyang'ana nsapato zake. Asekulu anu anafunsa pang'onopang'ono ngati makoswe a ku Joni amadwala zilonda za m'mimba. Wezi anati amawadwalitsa okha, kenaka n'kuyesa kuwachiza, ndipo makoswewo ndi oyera, amakhala m'nyumba yaukhondo, amadya pa nthawi yake.

"NyaZimba, mwamva? Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikuwatchera misampha kunkhokwe, kani ali ndi madokotala awo, ndipo mmodzi ndinamulera ndekha."

Tinaseka tonse, iwonso anaseka, koma kuseka kwawo kunali kwa munthu amene waponda pa thabwa lothyoka. Wezi poganiza kuti akungofuna kudziwa, anatola khasu lakale limene linali pakhoma, n'kuwaonetsa dzimbiri. Anafotokoza bwino mwana uja, moti ngakhale ine ndinamva. Anati m'mimba muli madzi owawasa osungunula chakudya, ndipo mimbayo ili ndi zotetezera zake, monga momwe timazirira khoma kuti mvula isalidye. Tizilombo tina tosaoneka ndi maso, ndiponso mapiritsi ena a ululu, zimakokolola zotetezerazo, ndiye pamatuluka chilonda. Pachilondapo thupi limatulutsa tinthu tokhala ngati timoto tothetheka, ndipo tikachuluka timadya mnofu monga dzimbiri likudya khasulo, chilonda n'kumachedwa kupola. Ntchito yawo ndi kupanga tinthu tozimitsa timoto timeneto, toti tikalowa m'mimba tisasungunuke msanga, tikakamire pachilonda pomwepo. Amatitcha nano. Anatapa ufa pang'ono kunsonga ya chala n'kunena kuti kambewu kamodzi ka ufawo, pafupi ndi tinthu tawoto, ndi phiri. Ine ndinakumbukira kambewu ka mpiru, ndipo ndinadabwa kuti Mulungu anabisa ntchito zake ngakhale pansi pa kambewu kameneko. Koma Wezi anati kuchokera pa khoswe kufika pa munthu ndi ulendo wa zaka, ndipo mankhwala ambiri amathera panjira. Anati kupatsa munthu chinthu chosayesedwa mokwanira ndi kumuika pa ngozi, ngakhale atakhala asekulu ako.

Akunena mawu otsirizawo ndi pamene anawayang'anitsitsa. Anaika khasu pansi, anagwira dzanja lawo, analitembenuza, anawapempha kuti ayang'ane kumwamba aone m'zikope. Kenaka anatiyang'ana ife, ine ndi atate ake, ndi diso limene analitenga kwa apongozi anga. Tinaulula zonse: soda, mapiritsi, zakuda zija. Mwana analira ndi ukali. Anati asekulu akutaya magazi mkati, ndipo mankhwala ochiza zilonda zotere alipo kale, ali pachipatala cha boma pomwepa, pamene iwo akhala akudikira a makoswe. Anati tipite tsiku lomwelo.

Asekulu anu anavala chipewa chatsopano chija n'kuyankha mofatsa kuti sapita lero, sapita mawa, chifukwa kumeneko akawalanda Lachisanu.

"Ndinapempha mkazi, ndinapatsidwa. Uyu ali apayu. Tsono ndikauze Mulungu kuti katundu ndasunga, koma mtengo wake wandikulira?"

Wezi anayesa za sayansi, Tiwonge anayesa za ana, ine ndinawakumbutsa za mneneri uja amene anagona pansi pa mtengo atatopa ndi moyo, mngelo n'kumudzutsa kuti adye chifukwa ulendo unali wautali. Anati mngelo akabwera adzadya. Dzuwa linalowa tisanawagonjetse.

M'mawa mwake linali Lachisanu. Asekulu anu anakhala pakhonde ndi kapu yawo ya madzi, atatsamira khoma. Wezi anabwera kukhitchini kudzandithandiza kusenda mtedza wobzala, pakuti mvula inali itagwa bwino. Anandiona ndikumwa piritsi langa ndi madzi. Anadya mbatata yake, anandipatsako, ndinati ndidya bwino lake. Dzuwa litakwera, zija zinayamba. Mtedza unkandipulumuka m'zala, thukuta linatsika. Anandigwira pamkono n'kufunsa kuti ndadya liti. Ndinati dzulo. Anafunsa chifukwa. Ndinati ndi Lachisanu, mbale sinapite pakhonde. Anafunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Ndinati atate ako atasiya kuyamwa.

Mwana uja anandimwetsa madzi a shuga mwamsanga, kenaka ananyamuka. Ndinamuitana kuti abwerere, sanamve. Anafika pakhonde ali chiimire, anakumbukira mwambo, anagwada bondo limodzi, n'kukhuthula zonse. Ine ndili kukhitchini ndinkamva mawu alionse, manyazi atandigwira ngati mtsikana wogwidwa ndi kalata ya mnyamata.

Ndinamva ndodo ya asekulu anu ikugunda pansi. Anafika pakhomo la khitchini, anawerama chifukwa khomolo ndi lalifupi, ndipo mutu wawo sunalizolowere.

"NyaZimba, zimene akunena mwanayu ndi zoona?"

"Ndi zoona, a Mtonga."

"Zaka zonsezi?"

"Munandionapo ndikudya inu musanadye?"

Anayankha ndi mawu aang'ono.

"Sindinakuonenipo mukudya n'komwe."

Wezi anatiyang'ana ngati tagwa kuchokera kumwezi. Koma zinali pafupi ndi zoona. Paukwati ndi pamaliro amayi amadyera kwawo. Kunyumba ine kukhitchini, iwo pakhonde. Anandionapo ndikulawa mchere ndi kutafuna nzimbe, basi.

Asekulu anu anafunsa Wezi ngati munthu wa shuga angafe ndi zimenezi. Wezi sanawanyengerere, anati inde, angakomoke osadzukanso. Asekulu anu analowa, anakhala pa kampando kanga kosendera mtedza, mawondo ali m'khosi. Anavula chipewa. Ndipo anapemphera, osati mokweza ngati padambo paja, koma ngati munthu wolankhula ndi mnzake wakale.

"Ambuye, ndinakupatsani Lachisanu kuti mkazi uyu akhale ndi moyo. Sindinadziwe kuti ndikulipira ndi mimba yake yomwe. Inu munkadziwa, ndipo mwatipirira tonse awiri. Ngati ndikulakwa, mlandu ukhale pa ine. Koma sindingamuphe ndi lonjezo limene ndinachita kuti asafe."

Atati ameni anauza Wezi kuti aphike phala, ndipo abweretse mbale imodzi ndi masupuni awiri. Linali phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Anandiuza kuti ndiyambe ndine. Dzanja linakana, ana inu, zaka zonse zija zinaligwira. Anati akapanda kundiona ndikumeza, iwonso sadya. Ndinadya. Anandiyang'ana supuni yoyamba, yachiwiri, yachitatu, kenaka anati, "Kani mumadya mothamanga chonchi? Siyaniko pang'ono, enafe ndife odwala." Wezi anatuluka panja, kaya kukaseka kaya kukalira, sindinamufunse.

Tsiku lomwelo Tiwonge anapeza galimoto, tinapita nawo kuchipatala. Anawapeza magazi atachepa kwambiri, anawagoneka, anawaika magazi, n'kuwayamba mankhwala ochepetsa madzi owawasa aja ndi ena opha tizilombo. Dokotala wake anali mtsikana wa msinkhu wa Wezi, ndipo awiriwa ankayankhulana mawu aatali pamwamba pa bedi, asekulu anu ali pakati ngati mbuzi pamsika. Dokotalayo anawaletsa timapiritsi ta pagolosale tija, anawauzanso kuti soda abwerere ku therere. Anati tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina. Ine sindinafune kumva kuti ina yotani. Inenso anandiyeza, ndipo anandikalipira mwaulemu. Analondola.

Khirisimasi tinadyera kunyumba, tonse amoyo. Koma mtima wa asekulu anu sunakhazikike msanga. Lachisanu likafika ankadya, koma ankadya ngati munthu wakuba. Chimene chinawamasula anachiona kuchipatala komweko. Ali chigonere ankayang'ana pazenera n'kuona odikirira odwala, anthu ochokera kumidzi yakutali, akusonkha moto panja pa mpanda, ena ali ndi kaufa kongokwana wodwala, iwo eni n'kugona ndi njala. Atachira anandiuza kuti akumbukira mneneri amene ananena za kusala kudya kumene Mulungu amakufuna, kugawana chakudya chako ndi anjala. Kuyambira pamenepo Lachisanu timalawirira kuphika. Nyemba, mbatata, maungu, chimene chilipo. Timadya kaye ife awiri, kenaka amamanga ndowa pa njinga n'kupita nazo kumpanda kuja. Amati tsikulo likadali la Mulungu, changosintha ndi mimba zimene likudutsamo. Abusa atamva anati iwo alibe chowonjezera.

A Lungu okha ndiwo sanakhululuke msanga. Kwa milungu ingapo asekulu anu akadutsa pamsika, a Lungu ankawafunsa mokweza ngati makoswe atsirizako kuti anthu alandire zotsala. Koma pano njinga ya Lachisanu amaikonza ndi iwo, ndipo amayi a tomato aja amaponyamo tomato m'ndowa.

Wezi anabwerera ku Joni. Akaimba foni, asekulu ake samufunsanso za mvula. Amayamba ndi kufunsa kuti odwala ake agona bwanji, ndipo iye amawafotokozera moona mtima, tsiku lina kuti zilonda zikupola msanga, tsiku lina kuti zimene anayesa zakanika, ayambiranso. Popemphera timamutchula pamodzi ndi ntchito yake, pakuti kudzakhala munthu wina, mwina m'masiku a ana anu, amene tinthu tating'onoto tidzamuthandiza. Ife sitidzamuona, koma ndi mwana wa Mulungu yemweyo.

Dzanja latopa, ndipo ndikumva ndodo ikubwera cha kukhitchini, ndiye kuti ena njala yawapeza. Tsono landirani mawu a agogo anu. Ambuye akusungeni kumene muli, ku Lusaka, ku Chipata, ku Joni ndi pano pakhomo. Akupatseni pakamwa pochedwa kulonjeza ndi mtima wosunga chimene mwalonjeza, ndipo akuphunzitseni kuti Iye amakonda chifundo kuposa nsembe. Mukadwala akupatseni miyendo yopita kuchipatala nthawi ikadalipo. Adalitse ntchito ya manja anu, yaikulu ndi yosaoneka ndi maso yomwe. Akupatseni chakudya pa nthawi yake, ndi munthu wokukondani wokhala nanu pafupi, woti aziona ngati mwadya. Mtendere wa Ambuye Yesu ukhale pa inu ndi pa ana anu. Ameni.